A Rodel Abwera ku Ilulissat

Lolemba, 3 Febuluwale
A Rodel akuti akubwera. Amuna anga omwe aja, amene zaka zonsezi ndili kuno ku Ilulissat, ku Greenland, kudula nsomba m'fakitale amavutika ngakhale kuyankha foni. Akuti aona pa mapu, kuchoka kwathu ku chilumba cha Siquijor kufika kuno n'chikhatho chimodzi basi. Ndati chabwino bambo, kwerani chikhathocho.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Boti mpaka ku Dumaguete, ndege mpaka ku Manila. Aimba: “Iwe Minda, ndatsala pang'ono eti?” Ndati eya, mwangotsala ndi dziko lonse lapansi. Ndafunsa chimene akudzera. Akuti tikambirana akafika.

Pipaluk, mnzanga wa kuntchito, wandiyang'ana cham'mbali. “Iwe, mwamuna wokwera ndege zisanu? Walakwa chiyani ameneyu?” Ndamugenda ndi mutu wa nsomba.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Ali ku Doha. Akuti matako afa.

Lachisanu, 7 Febuluwale
Ndege yawasiya ku Copenhagen, anagona pampando kukamwa kuli yasa. Pafoni mawu akunjenjemera ndi kuzizira, akuti anthu a kumeneko samwetulira. Ndaseka mpaka misozi. Kenako ndapita kukawagulira jekete ndi nsapato zotentha, ndachapa makatani, ndadaya tsitsi. Chitsiru ine.

Loweruka, 8 Febuluwale
Afika, atagona ku Nuuk, likulu la dziko lino. Atsika m'kandege kofiira ka kuno atavala kajekete ka mvula, milomo ili bii, atakumbatira phukusi la nsomba zouma zochokera kwa apongozi. Nsomba! Kuno!

Imvi zawayamba. Aonda.

Lamulungu, 9 Febuluwale
Adya, amwa khofi, afunda bulangete langa. Kenako akuyang'ana zala zawo: “Minda, Jocelyn wa pagolosale uja... ali ndi mimba yanga. Mayi anati nkhani zoterezi sitinenera pafoni.”

Ulemu wake! Nyanja zonsezo, mayiko onsewo, kuti ndiimve bwinobwino pamaso. Ndafunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Atsokomola. Akuti mwanayo anabadwa pa Khirisimasi.

Tsiku lomwelo ankandiimbira nyimbo pa vidiyo, apongozi akuwomba m'manja.

Sindinalire. Ndati mawa m'mawa mukwere ndege.

Lolemba, 10 Febuluwale
Chimphepo. Ndege zonse zaima, akuti mwina mpaka sabata yamawa. Malo ogona alendo adzaza. Agona pansi, pafupi ndi chitseko.

M'mawa uno ndikuvala kuti ndizipita kuntchito, iwo: “Minda, palibe basi yochoka kuno?” Basi! Msewu wake uti, tauni ino kutuluka kwake ndi ndege kapena boti? Ndatsegula chitseko, chipale chofewa chalowa mpaka pomwe anagona, kunja sikukuoneka ngakhale nyumba ya aneba, agalu okha kulira.

“Siquijor ndi uko,” ndatero ndikuloza. “Muziyenda.”

Atseka okha chitsekocho, pang'onopang'ono, n'kuyamba kutsuka mbale.