Yara Akulira ndi Mpweya, Osati Tsempho

Munhava, Beira
21 Abrili 2024

Achimwene a Raimundo,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kutchalitchi ku Fonte Boa, pano kuzizira kwayandikira? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Kalatayi ndapatsira a Amândio, aja amabweretsa kachewere kuno pa kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu ija. Sindinafune kuimba telefoni, chifukwa nkhaniyi si yokamba anthu atakuzungulirani.

A Amândio omwewo ndiwo andiuza kuti abale a mlamu wanu Zeferina ku Lifidzi akufuna ankhoswe akhale pansi Loweruka pa 4 Mayu, ndiponso kuti Zeferina abwerere kwawo ndi mwana. Akuti ine ndinamusempha Yara. Inu ndinu nkhoswe yanga, ndiye mumve kwa mwiniwakene mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti Yara anabadwa pa 9 Marsu, mayi ake atachitidwa operasau, ndipo azakhali ake a Zeferina, a Laurinda, anabwera kudzatithandiza. Masabata oyambawo mwana ankayamwa n'kugona basi. Koma Lamulungu la Kanjedza, pa 24, dzuwa litapendeka, anayamba kulira kulira kwachilendo. Ankapinda miyendo, n'kukunga tizibakera, kamimba kali gwa ngati ng'oma. Bere ankaligwira n'kulisiya. Kuyambira tsikulo zinkabwera madzulo alionse, ngati kuti pali amene akumuuza nthawi.

Lachiwiri pa 26 patarau wathu, bwana wa kuntchito, anatituma ku Chimoio ndi matumba a simenti. Pobwerera kamiyau inafera pa Inchope, ndipo ine monga wothandiza woyendetsa ndinatsala kulondera galimoto masiku awiri, kudikira chitsulo. Nditafika kunyumba a Laurinda sanandiyankhe moni. Anandionetsa mimba ya mwana n'kunena kuti akudziwa zimene amuna a makamiyau amachita pa Inchope, ndipo kuti ndalumpha mwambo mwana tisanamutengere kumphasa.

Ndinawafotokozera mwaulemu kuti kulirako kunayamba pa 24, pamene ine ndinanyamuka pa 26. Iwo anati mwamuna wowerenga masiku chotero ndiye kuti ali nacho chobisa. Ndinangowasiya n'kutuluka panja, achimwene. Inu mukundidziwa, pakamwa panga si pothamanga.

Kuchokera pomwepo anandiletsa kugwira mwana, akuti ndine wotentha. Anatulutsanso mizu imene anabwera nayo kuti amwetse Yara. Apo Zeferina anakana, chifukwa kuchipatala anamuuza kuti mwana asalawe kanthu kena koma bere, ngakhale madzi. A Laurinda anakwiya, ndipo pa 8 Abrili anakwera basi. Zimene anakanena kumeneko mwazimva kale.

Chimene chinandiwawa n'chakuti azakhaliwo atachoka, lamulo lawo linatsala m'nyumba. Zeferina sanandinyoze, sanandifunsenso kanthu. Koma ndikangoyandikira mphasa, ankamusuntha mwana n'kumuika mbali ina. Ine ndinkatunga madzi, kuchapa matewera, kukoleza makala, kenako n'kukhala pakhomo kumamvera mwana wanga akulira m'manja mwa munthu amene bala lake linali lisanapole. Tsiku lina ndinaona makapulana ake atapindidwa m'chikwama. Sindikumuimba mlandu. Anali wotopa, ndipo analeredwa ndi azakhali omwewo.

Pa 11 linali tsiku la sikelo. Ndinapempha patarau kuti andimasule m'mawa, ndipo ndinawaperekeza, ine pambuyo ndi ambulera. Anamwino anamuyeza Yara, anamugwira mimba, anafunsa za chimbudzi ndi kusanza. Anati thupi silikutentha ndipo sikelo ikukwera bwino. Vuto ndi mpweya umene mwana amameza poyamwa ndi polira, ndipo matumbo ake akadali anthete moti umamuvuta kutuluka. Anati ana ambiri amatero, ndipo kawirikawiri zimachepa akamakwana miyezi itatu kapena inayi.

Ndikulembereni zimene anatiphunzitsa, mwina zingathandize ena kumeneko. Mwana ayamwe asanafike polira ndi njala, ndipo alowetse bere mokwanira m'kamwa, osati nsonga yokha. Akatha kuyamwa asagonekedwe msanga. Aikidwe paphewa choimirira, n'kumamusisita kumsana mpaka ageye. Mimba ikalimba, kumugoneka chagada, kumusisita pamimba mozungulira ndi dzanja lofunda, ndi kumupalasitsa timiyendo ngati ali panjinga. Koma anatichenjeza kuti akatentha thupi, akakana bere, akasanza zobiriwira kapena tikaona magazi m'chimbudzi, tisadikire kuti kuche, tithamange naye.

Kenako anamwinowo anati bambo atenge mwana aphunzire, popeza mayi ali ndi bala. Zeferina anayankha msanga kuti achita yekha. Anamwino anatiyang'ana tonse awiri. Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo.

Kunyumba Zeferina anayesetsa. Koma Yara akaikidwa paphewa amaponda ndi miyendo, ndipo ankaponda pabala penipeni. Kuyenda naye uku ndi uku, kumene kumamutonthozako, mayi ake sankatha. Lamulungu lapitali, pa 14, kulira kutayamba, ndinaona Zeferina atatsamira khoma, milomo ataluma, misozi ikutsika. Ndinaimirira pakhomo osalowa. Ndipo anandifunsa, koyamba chichitikireni zonsezi.

"Bambo a Yara, pa Inchope paja munagona kuti?"

"Pansi pa kamiyau, pakatoni. Anzanga anali udzudzu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwana akukuwa pakati pathu.

"Bwerani mutenge mwana wanu," anatero.

Mukudziwa tanthauzo lake kwa mkazi woleredwa kwathu kupereka khanda kwa mwamuna amene akuluakulu amutchula wotentha. Akanakhala ndi chikayiko, ndiye kuti ankaika moyo wa mwana pachiswe. Ndinamuika Yara paphewa monga ndinaonera kuchipatala, n'kumayenda naye kuchoka pakhomo kufika pazenera. Sanatonthole msanga, ndisakunamizeni. Phewa linafika pochita dzanzi. Kenako anageya kugeya kwa munthu wamkulu amene wamaliza chikho cha thobwa, n'kundilavulira mkaka pamalaya a kutchalitchi. Zeferina anaseka mpaka kugwira pabala, n'kundiuza kuti ndisamuseketse. Ndinati wamuseketsa ndi mwana wake, amene watengera azakhali kukweza mawu.

Sindikunena kuti vuto latha. Dzulo lomweli analira mpaka mayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzafunsa. Koma tsopano timalandizana. Zeferina amayamwitsa, ine ndimageyetsa. Ndikamupalasitsa miyendo amatulutsa mpweya, kamimba n'kufewa, ndipo masiku ena amagona tisanadye. Tikatopa tonse timamugoneka chagada pamphasa pang'ono, tipume, kenako tiyambirenso. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zina za kuno n'zazing'ono. Mvula yomaliza inadzaza bwalo lathu ndi madzi, moti tikuyenda pa njerwa, ndipo makala ouma akusowa. Patarau ndinamufotokozera za kunyumba, ndipo wavomera kuti mwezi uno ndi wamawa ndiziyenda maulendo a m'tauni mokha. Malipiro achepako, koma dzuwa likamapendeka ndimakhala nditafika.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Tsiku la 4 lisanafike, kwerani njinga mupite ku Lifidzi mukaonane ndi apongozi anga. Musakakangane ndi a Laurinda. Anatisamalira pa nthawi yovuta, ndipo ananena zimene ankakhulupirira kuti zipulumutsa mdzukulu wawo. Mukawauze modekha kuti Zeferina ndi Yara sabwera. Munthu wa bala ndi khanda la masabata asanu ndi limodzi sangakhale m'basi tsiku lonse chifukwa cha mlandu umene kulibe. Mizu asatumize, sitimwetsa. Ngati akuluakulu akufunabe kundimva, ndidzabwera ndekha mwana akakulako, ndidzakhala pansi ndi kuyankha funso lililonse. Pa ichi sindisintha, achimwene, ngakhale atanditcha wamwano.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo ali ndi mphumi ya malemu abambo. Moni kwa alamu a Emília, kwa achemwali a Quitéria ndi amuna awo, kwa amalume a José, ndi kwa ana nonse a pakhomo. Kwa apongozi anga ndi kwa a Laurinda mukapereke ulemu wanga.

Kalatayi ndamuwerengera Zeferina ndisanaitseke. Sanachotsemo kanthu, koma wati ndiwonjezere mawu awa a kwa mayi ake, ndipo ndawalemba monga wanenera: "Amayi, mwana ndinamupereka ndekha m'manja mwa bambo ake, palibe anandikakamiza. Ngati mukuti pali mlandu, mutiitane tonse awiri, pakuti ine ndatsala kuno."

Tsalani mu mtendere wa Ambuye.

Ndine mng'ono wanu,
Adérito