Silas Sanalodzedwe, Amayi

Spinney Hill, Leicester
18 Novembala 2018

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likukuvutanibe? Mafuta opaka ndapatsira a Stafford, amene akubwera kumudziko, pamodzi ndi kalatayi, ndipo musagawire mudzi wonse monga munachitira ndi oyamba aja. Ife kuno tilipo. Kuzizira kwayamba, dzuwa likumalowa tisanaweruke. Mdzukulu wanu Dylan Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi, makamaka ndikamutuma.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangolira tonse awiri. Ndikufuna a malume awerenge kalatayi abale onse akumva.

Kanema uja ndinamuona nanenso: Silas wathu ataima pakati pa tauni, atawerama, manja ali lende, dovu likutuluka, anthu akumulambalala. Amene anajambula n'kufalitsa mpaka kufika ku Ntcheu sindimudziwa, Mulungu amuone. Tsopano ndamva kuti kumudziko mwagwirizana zoti mlongo wanga anamusandutsa ndondocha, ndipo chala mwaloza azakhali aNangondo, poti kachewere wawo wachita bwino chaka chino pamene wa ena anapsa ndi chiwawu. Akuti anyamata anawagendera nyumba, ndipo kutchalitchi amakhala okha pa benchi. Zandiwawa kwambiri, Amayi.

Silas sanalodzedwe. Amasuta chinthu china chimene kuno amachitcha spaisi, ena amati mamba. Maonekedwe ake ndi ngati masamba a tiyi. Si chamba chomera m'munda ayi. Ndi masamba wamba amene amawawaza mankhwala opangidwa m'fakitale otengera mphamvu ya chamba, koma oopsa kuposa chambacho. Adokotala anandiuza kuti ngakhale wogulitsa sadziwa mphamvu ya paketi imene wanyamula: ina imangomuledzeretsa munthu, ina imamuumitsa thupi monga munaonera, ina imathamangitsa mtima mpaka kukomoka. Ena amafa kumene. Kuno oterewa alipo ambiri m'misewu, azungu enieni, ndipo alibe azakhali ku Ntcheu.

Silas anayamba kale, akugwira ntchito yonyamula katundu ku Corby. Nthawi imeneyo ankagulitsa poyera m'masitolo, m'timapaketi tokongola, n'kukupatsa ndi risiti yomwe. Mukumudziwa mwana wanu, wa kwaya uja, amene chamba ankachinyoza. Akuti anaganiza kuti chinthu chimene boma la Mangalande lachilola kukhala pa shelefu sichingakhale choipa. Tonsefe timabwera kuno ndi mtima umenewo, woti cha m'sitolo ya mzungu chinayesedwa.

Mu 2016 boma linaletsa kugulitsa, kenako n'kuletsanso kupezeka nacho m'thumba. Masitolo anasiya, koma chilakolako sichimva lamulo. Silas anayamba kugula kwa anyamata a mumsewu, chaukali kuposa chija.

Mwezi watha anagwa pafupi ndi golosale ya a Gulam, mmwenye wachikulire wobadwira ku Limbe, amene Chichewa chake chimaposa cha Dylan. Iwowo ndi amene anaitana ambulansi, namufunditsa jekete lawo, n'kundiimbira ndili kuntchito kosamalira nkhalamba. Anandiuza kuti ndisataye mtima, mwana wa mng'ono wawo anadutsa momwemo ndipo lero ali ndi banja. Apolisi ulendo uno anangomuchenjeza Silas. Akadzamupezanso nacho ndi mlandu, ndipo mapepala ake okhalira kuno angaonongeke.

Pano akukhala kwanga. Masiku oyamba atasiya anali ovuta: thukuta, kusanza, m'mimba kupotokola, tulo osabwera, ukali ngati si iye. Tsopano akudya, ndipo amapita kwa alangizi othandiza osiya zimenezi. Sindikunamizani kuti wachira. Tsiku lina amadzuka bwino, lina ayi.

Za azakhali ndinamubisira kaye, koma ndinamuuza Lamulungu lapitali. Analira ngati mwana. Anati ndi azakhali omwewo amene ankamubereka kupita naye kuchipatala pamene inu munkadwala, ndipo kuti fodyayo anamugula yekha, n'kumuyatsa ndi dzanja lake. Ine ndinawonjezera kuti munthu wofuna ndondocha yomulimira sangasankhe Silas, amene chibadwire sanamalizepo mzere umodzi osakhala pansi. Anaseka misozi ili m'maso. Inunso mukudziwa kuti sindikunama.

Ndikumvetsa, Amayi. N'kopepuka kukhulupirira kuti mwana wako anamuchita chipongwe kusiyana n'kuvomera kuti anadzipweteka yekha. Koma azakhali ndi okalamba, amagona okha, ndipo miyala ikayamba kugwa padenga tonse timadziwa kumene zimathera. Akawavulaza, Silas sadzadzikhululukira, ndipo ndikuopa kuti adzabwerera kumsewu.

Pempho langa ndi limodzi. Mawu oyamba anatuluka m'nyumba mwathu, ndiye owabweza akhale inu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pitani kwa azakhali masana, anthu akuona, mukakhale pamphasa pawo, mukadye chimene angakupatseni. Lamulungu mukakhale nawo pa benchi ija.

Mundiperekere moni kwa a malume ndi akazi awo, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa ana onse. Silas ndi Dylan akupereka moni. Moni wa azakhali aNangondo ndausiya pomaliza dala. Umenewo musatume mwana, mukaupereke nokha.

Ndine mwana wanu,
Keturah