Kathabwa ka Bambo

Lolemba, 9 Juni

Tsiku loyamba la lamulo latsopano la khonsolo, ndipo mutu ukuwawa ngati andimenya ndi nkhafi.

Tinafika padoko ine ndi bwana maboti akungokocheza kumene. Ntchito yanga ndi yophweka poinena. Ndimatenga chitsulo choyezera n'kuchilowetsa m'maso a ukonde, malo makumi awiri, kuthumba kumene nsomba zimasonkhana. Chikalowa, ukonde uli bwino. Chikakana, ndiye kuti maso ndi aang'ono, akukokolola ndi ana a nsomba omwe, tilande. Komiti ya khonsolo ikagamula, ukondewo uotchedwe, ndipo chiphaso cha botilo chiimitsidwe chaka chathunthu.

Pa maukonde khumi ndi awiri, asanu ndi awiri akana. Asanu ndi awiri! Ine ndimayembekezera awiri, mwina atatu, a anthu amene tonse tikuwadziwa kale khalidwe lawo. Koma akanawo ndi a anthu olongosoka, amene amabwera okha kudzakonzetsa ziphaso mwezi usanathe.

A Chipewa, wapampando wa eni maboti, amene sindinawaonepo mutu uli pamtunda, anandiimira kutsogolo manja ali m'chiuno. Akuti: “Mayi, chitsulo chanucho chanenepa panjira.” Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Mayi wina wogula nsomba anandilavulira pafupi ndi nsapato. Ine ndinangopitiriza kulemba manambala a maboti.

Bwana akusangalala. Akuti tsopano khonsolo yaoneka kuti ili ndi mano. Komiti ikhala Lachisanu.

Lachiwiri, 10 Juni

Sindinadye masana.

Bwana anandituma kumosungira katundu kuti ndikamange mapepala pa maukonde olandidwawo. Fungo la m'menemo, mayo ine. Ndinayala ukonde wa a Chipewa pasimenti, ndipo pofuna kudzikhazika mtima pansi ndinayezanso. Pamwamba chitsulo chikulowa bwinobwino. M'mbali chikulowa. Kuthumba chikukana. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pamene chikukanapo si ukonde wa kufakitale ayi, ndi chigamba. Thumba ndi limene limang'ambika kawirikawiri, ndiye pafupifupi lonse ndi zigamba zokhazokha.

Ulusi wofiirira. Mfundo yopinda kawiri, kamchira kodulidwa mopendeka.

Mfundo imeneyo ndingaidziwe ngakhale nditatsinzina. Ndinaphunzira kuimanga ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditakhala pa chidebe chovundikira, Bambo akundimenya zala ndi singano ndikalakwitsa.

Ndinayala wachiwiri. Chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi, mpaka wachisanu ndi chiwiri. Onse zigamba za Bambo. Asanu amene anapambana aja ndi atsopano, sanasokedwepo.

Bwana anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati zonse zili bwino. Ndinati zili bwino, bwana. Bodza loyamba pa ntchito ino, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa.

Lachitatu, 11 Juni

Poweruka ndinapeza tayala la njinga yamoto laphwa. Msomali wake watsopano, wonyezimira, wolowa m'mbali. Msomali wa pamsewu sulowa choncho. Ndinaikankha mpaka kwa wokonza matayala, kenako ulendo kwa Bambo.

Ndinawapeza m'shedi mwawo monga mwa masiku onse, mwendo umodzi atatambasula, ukonde atakola ku chala chachikulu cha kuphazi. Zaka makumi anayi ali pampando womwewo. Padoko lonse palibe amene amatchula dzina lawo, amangoti “amisiri”, ndipo aliyense amadziwa kuti akunena ndani. Singano kudzanja lamanja, kathabwa kumanzere. Kathabwa kameneka ndi kamene amazengerezapo ulusi pomanga diso lililonse, kuti maso onse akhale ofanana. Anawapatsa ndi amene anawaphunzitsa ntchito. Kada bii ndi thukuta la m'manja, kosalala ngati sopo. Ife tili ana ukakakhudza, tsiku limenelo ugona ndi misozi.

Achemwali atawaitana kuti akamwe tiyi, ndinatenga kathabwa kaja. Ndinamanga maso atatu msangamsanga, n'kutulutsa chitsulo m'chikwama. Chinakana. Ndinakagoneka kathabwako pa tebulo n'kuwerama. Pakati pake pakuoneka kuwala kudutsa pansi. Ulusi wakadya pang'onopang'ono zaka zonsezi mpaka kakhala ndi chiuno. Kutha kwake n'kochepa, mwina ngati kamtengo ka machesi, koma ulusi umazungulira mbali zonse ziwiri, ndiye pa diso kumachuluka.

Sanabere munthu. Sakudziwa n'komwe.

Ndiye pobwera ku tiyi kuja, akupukuta pakamwa, anandiuza nkhani ngati yabwino. A Chipewa anabwera m'mawa kudzawapempha kuti Lachisanu akakhale mboni ya eni maboti. Akatenge kathabwa kawo, akamange maso pamaso pa komiti, anthu onse aone kuti chonama ndi chitsulo cha khonsolo.

“Sindikufuna kukuchititsa manyazi, mayi,” anatero. “Iwe wangopatsidwa chitsulocho, si iwe unachisula. Ndikanena bwinobwino kuti mwana wanga alibe mlandu.”

Akufuna kukanditeteza. Ndinangoti zikomo Bambo, n'kunyamuka ngati ndaba kanthu.

Lachinayi, 12 Juni, m'mawa

Khansala wina wa m'komiti waitana a wailesi. Bwana agula kale palafini, zigubu ziwiri, zili kuseri kwa chitseko cha ofesi. Komiti sinakhale n'komwe!

Ndawaimbira achemwali ndili kuchimbudzi cha kuntchito, poti ndi kokhako kopanda makutu. Atamva zonse, akuti: “Ndikaponye pambaula kameneko. Tidzati kasowa. Popanda kathabwa sapita.” Ndinatsala pang'ono kuvomera, ndisaname. Bambo akanakhala kunyumba akutukwana makoswe, dzina lawo lili lonse. Koma ndiye maukonde apsa, maboti asanu ndi awiri akhala pamtunda chaka, ndipo boti lililonse lili ndi anthu khumi kapena kuposa amene amadyera pamenepo. Onsewo atchedwa akuba chifukwa cha ine wodziwa zoona.

Ndikanena ndekha m'komiti, ndiye kuti mwana wavula bambo ake pagulu. Ndikakhala chete, akadzivula okha, a wailesi akujambula mawu.

Ndawauza achemwali kuti asakakhudze. Akuti ndili ndi mtima wa chitsulo ngati chitsulo changacho. Mwina.

Lachinayi lomweli, madzulo

Ndawauza Bambo.

Ndinapempha kuweruka msanga, ndinati mutu. Ndinawapeza akusita jekete la mawa, lija anavala pa ukwati wa achemwali. Ndinati Bambo, tiyeni kushedi, ndikufuna mundionetse kanthu. Anasangalala, poti amakonda kuonetsa.

Ndinawapempha amange maso atatu pakati pa kathabwa, monga amachitira. Anamanga osayang'ana n'komwe. Ndinawapatsa chitsulo kuti alowetse okha. Chinakana. Anati: “Waona? N'zimene ndikunena.” Ndiye ndinati amangenso atatu, koma kunsonga kwa kathabwa, kumene ulusi sufikako. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anamanga. Chitsulo chinalowa see, osakakamiza.

Anabwereza. Pakati, chakana. Kunsonga, chalowa. Anabwerezanso kachitatu. Kenako anakagoneka pa tebulo monga ndinachitira ine dzulo, anawerama movutikira ndi msana wawo uja, n'kuona kuwala kuja.

Ndimayembekezera kuti akalipa. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi, kathabwa kali pa bondo, akukasisita ndi chala chachikulu.

“Wadziwa liti?”

Ndinati Lachiwiri.

“Ndiye dzulo umandimvera ndikudzitama, iwe uli phee?”

Ndinati ndimaopa, Bambo. Anati: “Umaopa ine kapena umandimvera chisoni?” Ndinayamba kufotokoza kuti sakuyenera kupita mawa, ndikalankhula ndi bwana mwakachetechete, mwina tipeza njira. Anakweza dzanja.

“Pita kwanu, mayi. Uli ndi ntchito mawa.”

Pachipata achemwali sananditsanzike. Jekete linatsala pa tebulo lositidwa mkono umodzi.

Lachisanu, 13 Juni, m'mawa

Yunifolomu ndasita kawiri. Chitsulo ndachiyang'ana m'chikwama kanayi. Mulungu, asabwere.

Lachisanu, madzulo

Anabwera. Jekete lositidwa mikono yonse.

Holo ya khonsolo inadzaza mpaka m'mawindo. Makhansala asanu kutsogolo, wapampando wa komiti pakati ndi magalasi ake a pamphuno, mtsikana wa wailesi atanyamula kamakina kake m'mwamba. Ine ndinawerenga lipoti langa. Sindinatchule zigamba. Ndinanena manambala okha, n'kukhala pansi.

A Chipewa analankhula nthawi yaitali, za ana awo, za mafuta a injini, za anthu a m'maofesi amene sanakwerepo boti. Anthu akuwombera m'manja. Pomaliza anati: “Tili ndi amisiri pano. Maukonde onsewa amasoka ndi iwowa. Anene okha ngati anamangapo diso laling'ono chibadwire.”

Bambo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo la komiti. Sanandiyang'ane. Anatulutsa singano ndi kathabwa, anamanga maso asanu, holo yonse ili chete moti ndimamva ulusi ukulira pokoka. Kenako anati: “A ofesala, bwerani muyeze.”

A ofesala. Ine.

Ndinayeza. Chinakana kasanu konse. A Chipewa anayamba kale kumwetulira, akutembenukira kwa anthu. Bambo anakweza kathabwa m'mwamba.

“Chitsulo cha khonsolo chilibe vuto. Chatha ndi ichi. Chadyeka pakati, ine osaona. Maso onse amene akanawo ndi zigamba zanga, kayang'aneni, ulusi wofiirira. Anthuwa anandipatsa maukonde abwino, ine ndinawabwezera olakwika. Ngati mukuotcha, yambani ndi kathabwaka.”

Phokoso lake! Wina kumbuyo anakuwa kuti nkhalamba yatiphetsa. Wina akuti ndi chiwembu cha pabanja, bambo ndi mwana. Amene aja dzulo lomweli amati amisiri, amisiri. A Chipewa anavula chipewa, koyamba m'moyo wanga kuona dazi lawo, anapukuta thukuta n'kuchivalanso.

Wapampando wa komiti anandifunsa ngati zimene anena bambowa n'zoona. Ndinati n'zoona, ndinaziona Lachiwiri. Bwana anandiyang'ana diso limene ndikudziwa kuti tidzakambirana Lolemba. Khansala woitana a wailesi uja analimbikira kuti lamulo ndi lamulo. Mayi khansala wa kumsika anamufunsa ngati lamulolo analilemba kuti lipulumutse nsomba kapena kuti iye amveke pa wailesi. Anakangana ola lathunthu.

Chigamulo: maukonde akhalabe m'manja mwa khonsolo. Zigamba zonse zichotsedwe, zisokedwenso, ndidzayezenso Lachisanu likubwerali bwana ali pomwepo. Umene udzakane, moto, ndi chiphaso chomwe.

Masiku asanu ndi awiri, matumba asanu ndi awiri. Thumba limodzi Bambo amasoka masiku atatu.

Potuluka palibe anawapatsa moni. Anthu amangopatuka ngati akudutsa ndi maliro. Ndinafuna kuwaperekeza, koma bwana anandiitana kuti ndikatseke mawindo, ndipo pobwera ndinapeza atapita.

Loweruka, 14 Juni

Si tsiku la ntchito, koma makiyi a mosungira katundu ali ndi ine, ndiye ndinalawira. Ndimati ndikatsegule, mwina eni maboti atumiza anthu awo kuti ayambepo.

Eni maboti sanatumize aliyense. Pachipata panali Bambo okha, atakhala pa mpando wawo wa m'shedi uja. Aunyamula pamutu kuchokera kunyumba, pa msinkhu wawowo. Pambali mpukutu wa ulusi, mpeni, masingano awiri.

Sitinapatsane moni weniweni. Ndinatsegula, tinakokera ukonde wa a Chipewa panja pamthunzi. Anatenga mpeni n'kuyamba kudula zigamba zawo, chimodzichimodzi, osathamanga, ntchito ya zaka ikugwera pasimenti. Ine ndimangotola n'kumaunjika pambali, poti ndimasowa poika maso.

Atatha anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kathabwa kena. Katsopano, koyera, kosema dzulo lomwe, kakununkhabe mtengo. Anamanga diso limodzi n'kundilozera ndi chibwano.

Ndinayeza. Chinalowa.

“Yezanso.”

Chinalowanso.

“Uziyeza mzere uliwonse. Usandimvere chisoni.”

Ndinati chabwino, Bambo. Ndinawafunsa za kakale kaja. Anati kali kunyumba, achemwali ako akufuna kuponya pambaula, ndawaletsa, kalibe mlandu, kanagwira ntchito mpaka kutha.

Anasoka mizere iwiri. Ndinayang'ana mulu wa maukonde asanu ndi limodzi amene akudikira mkatimo, ndinayang'ana zala zawo, n'kuwerenga masiku. Sizikukwana. Iwonso akudziwa kuti sizikukwana.

Ndinavula jekete la yunifolomu, ndinalipachika pa chitseko, ndinagubuduza chidebe chopanda kanthu n'kuchivundikira pafupi nawo. Singano yachiwiri ija inali yokulungidwa kale ulusi. Anapisanso m'thumba osandiyang'ana. Asema tithabwa tiwiri.

Ndinamanga diso loyamba, lachiwiri. Pa lachitatu singano yawo inandigogoda pa chala.

“Pinda kawiri, iwe. Zaka zonsezi sunaphunzirebe?”