Muvi wa pa mphambano

Lolemba, 8 Sepitembala

Atseka msewu waukulu, ati akumanga mlatho wodutsa pamwamba. Magalimoto onse awakhotetsera m'kamsewu kathu. Fumbi lake! Mphumu ya bambo yayambiranso. Pa mphambano aika chikwangwani cha muvi, ndiponso munthu wogwedeza mbendera yofiira. Ndawatcha a Chisoti, poti chisoti chawo chimawamira mpaka m'makutu. Amandipatsa moni ngati tinabadwira nyumba imodzi.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Ndapachika nsalu zonyowa m'mawindo. Sizinathandize. Bambo akupuma ngati akukwera phiri.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Ndachita chinthu. M'mamawa, a Chisoti asanafike, ndakankha chikwangwani chija, muvi waloza msewu wa kumunsi. Phewa likuwawa mpaka pano. Iwo atafika anangochiyang'ana n'kuyamba ntchito, mwina poganiza kuti asintha ndi mabwana. Kwathu kuno kuli zii. Bambo adya, agona masana onse. Ndisaname, ndasangalala.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Lole ya simenti yatsata muvi wanga, yalephera kukhota kumunsi kuja, yagumula mpanda wa atelala. Palibe wavulala, Mulungu ngwamkulu.

Kapitawo wawakalipira a Chisoti anthu akuona. "Maso muli nawo a chiyani, madala?" Iwo angoti ndwii, chisoti chili m'manja. Ine ndinali pomwepo ndi ndowa ya madzi, pakamwa ngati andisoka. Mantha. Manyazi andigwira nditafika kunyumba, pomwe sangathandize munthu.

Loweruka, 13 Sepitembala

Muvi aubweza, fumbi labwerera. Mbendera wagwira munthu wina.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Chakudya sichikulowa. Bambo akuti ndili ndi malungo.

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Masana ndamva odi, kutsegula ndi a Chisoti, mutu uli pamtunda. Amachokera kokabweza zovala za ntchito, ati apempheko madzi akumwa. Ndawapatsa kapu ya madzi. Afunsa za chifuwa cha bambo, ati amawamva akutsokomola ali pa mphambano. Amwa pang'onopang'ono, andibwezera kapu ndi manja awiri.

"Chikwangwani chija n'cholemera, achemwali," atero. "Mukanandiuza, tikanapita limodzi kwa kapitawo."

Ndawafunsa chifukwa chake sananditchule. Ati kumunsi kuli kale anthu okwiya okwanira.

Ndavala nsapato. Ofesi ya kapitawo sanatseke.