Ndivale mano a malemu akulu anga pa ukwati wa mwana wawo?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 52, ndimalima mbatata ya kachewere kufupi ndi Fonte Boa. Nkhani yangayi ena akaimva amaseka, ndiye inunso sekani kaye, koma mukatha mundithandize.

M'kamwa mwanga mulibe dzino la m'mwamba ndi limodzi lomwe. Anayi akutsogolo ndinawasiya pa msewu wa ku Kalomwe tsiku limene ndinagwa pa njinga ndi thumba la mbatata. Otsalawo anayamba kugwedera limodzilimodzi, mpaka ku chipatala anamaliza kuwazula zaka zitatu zapitazo. Kuyambira pamenepo dowe ndimangomununkhiza. Nyama ndimamwako msuzi wokha, ine Mngoni weniweni! Masaya analowa m'kati, ndipo ndikamaseka ndimaphimba pakamwa ndi nsalu.

Akulu anga, a Efigénia, nawonso analibe mano a m'mwamba, koma iwo anapita ku Tete kukapangitsa mano oikirira, aja timati pulaka. Anabwerako ngati mtsikana. Anali munthu wa nsangala, akaseka ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Chaka chatha anatisiya. Pa tsiku logawa katundu wa malemu, wina anatenga nsalu, wina mapoto, wina njinga. Kenako alongo athu, omwe ndi eni mbumba, anatulutsa kachitini n'kundipatsa ine pamaso pa anthu onse. M'katimo munali pulaka ija, amayi osambitsa thupi anali ataichotsa. Alongo athuwo anati, "Chinthu chodula chotere sichingawolere m'manda mng'ono wake akumwa phala. Munatuluka m'mimba imodzi, pakamwa panu sipangasiyane."

Ndinalandira ndi manja awiri. Kwathu kuno cha malemu sakana.

Koma Aphungu, manowa sandifuna ine. Kutsogolo amakhwepa, kumbuyo amandiluma. Amuna anga, a Damião, anawapala ndi tupa yonolera nkhwangwa kuti akwane, koma ndiye anangowonjeza msongole m'mphepete. Ine ndinawaviika m'madzi otentha kuti afewe, ndipo anapindika. Kutafuna nawo sindingathe, ndimangowagwiriza ndi lilime. Pa Pasaka ndinaiwala, ndinaimba nthungululu m'tchalitchi, mano aja anafwamphuka n'kukagwera pa benchi yakutsogolo. Mayi amene anawatola anandipatsira pansi pa nsalu, koma manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala. Tsopano kumanzere kwa nkhama kuli chilonda, sabata yachitatu ino chisakupola.

Mudziwa kuti bwanji sindikungowataya? Malemuwo anasiya mwana wamkazi, Carla, ndipo mayi wake tsopano ndine. Mu Agosito akumanga ukwati ndi Limbani, mnyamata wa ku Dedza. Tsiku lina tikusankha mbatata Carla anandiyang'anitsitsa, kenako anati, "Amayi, mukavala mano aja ndimaona amayi anga akuseka. Tsiku la ukwati mudzavale ndithu, kuti nawonso adzakhalepo." Anagwetsa misozi, nanenso ndinalira, ndipo ndinamulonjeza.

Ndiye nditani? Ndikawavala, ndidzakhala phee ngati mlendo, osalulutira mwana wanga, osadya nyama ya ukwati wake. Ndikawavula, ndaphwanya lonjezo kwa mwana wamasiye, ndiponso alongo athu adzati ndanyoza malemu. Kodi palibe mankhwala omatira kuti ndingopirira tsiku limodzi lokhalo? Mtima wanga ukuwawa kuposa chilondacho.

Q.S., Fonte Boa

Mayi Q.S.,

Pa nkhani ya m'tchalitchiyo ndaseka, sindibisa. Koma nditafika pa mawu a Carla kuseka kunatha. Muli ndi mwana wabwino, ndipo inunso ndinu mayi wabwino.

Tiyambe ndi chowawa. Vulani manowo lero lomwe, ndipo musawavalenso. Alongo anu anachita zachikondi, koma analakwitsa. Nsalu ya malemu mungaivale, mpoto mungaphikire, koma pulaka amaiumba potsata nkhama za munthu mmodzi yekha. Ngakhale mapasa sabwerekana. Tupa ya a Damião ibwerere ku nkhwangwa, ndipo muwauze kuti ndawapatsa moni. Za mankhwala omatira iwalani. Kumata chinthu chopindika pamwamba pa chilonda n'kudziputira mavuto ena.

Sabata ino pitani ku chipatala ku Ulongwe, mukafunse a dentista, dokotala wa mano, mukawaonetse chilondacho. Kawirikawiri chilonda chotere chimapola chokha chinthu chokhula chija chikachoka, koma chimene chapitirira sabata ziwiri sachiyang'anira kunyumba. Pakali pano muzichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. A dentistawo akaonenso mano anu a m'munsi, chifukwa pulaka yatsopano idzatafunira pa iwowo.

Kenako pemphani kuti akupangireni pulaka yanuyanu. Ngati kumeneko sapanga, akulemberani kalata yokutumizani ku Tete, ndipo chapa, minibasi ija, ilipo tsiku lililonse. Nkhama zikapola adzakuikani kaphala kofewa m'kamwa kuti atenge muyeso. Mudzabwereranso kukayesa, ndipo pambuyo pake kukatenga. Ndi maulendo angapo, nchifukwa chake ndikuti yambani tsopano, Agosito sali kutali. Funsiranitu mtengo pa ulendo woyamba, ndipo alongo anu aja, poti anafuna kuti mukhale ndi mano, aikepo dzanja. Akakufunsani chifukwa chake mwavula mano a malemu, aonetseni chilondacho. Palibe mlongo amene angasangalale kuona mlongo wake akuwola m'kamwa.

Tsopano nkhani ya Carla. Musamubisire, ndipo musadikire kuti adzazindikire yekha pa tsiku la ukwati. Mukhazikeni pansi, mumuuze kuti mano a amayi ake akukupwetekani. Ndiye mumupemphe kuti akuperekezeni kwa a dentista, atatenga chithunzi cha a Efigénia akuseka, inu mutatenga kachitini kaja. Anthu ambiri sadziwa kuti popanga pulaka, kukula kwa mano, mtundu wake ndi kayalidwe kake amachita kusankha. Muwauze a dentista kuti, "Nkhama ndi zanga, koma manowo ayaleni mofanana ndi awa." Sangafanane ndendende, pakuti nsagwada zanu ndi zanu, koma ayesetsa kufikira pamene m'kamwa mwanu mukulola. Pa tsiku loyesa, Carla akhalepo, ayang'ane, anene yekha ngati akuwaona amayi ake. Ine ndikuganiza kuti adzawaona, chifukwa zambiri zimene amaona mukamaseka si pulakayo ayi. Ndi masaya anu, maso anu ndi mawu anu, zimene munatengera kumodzi ndi akulu anuwo.

Pulaka yakaleyo itsukeni, muibwezere m'kachitini, muisunge pamene mumasunga zinthu za malemu. Kusunga si kunyoza.

Yatsopanoyo ikabwera musayembekezere kuti tsiku lomwelo mukukuta dowe. Walira mvula walira matope. Masiku oyamba malovu adzachuluka, mawu ena adzakuvutani kutchula, ndipo mudzamva ngati mwalumira chikho. Zimenezi zimatha. Yambani ndi zofewa, mbatata yanu yomweyo, mazira, nthochi, kenako nyama yoduladula tizidutswa. Muzitafunira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi kuti isapendekeke, ndipo musalume zolimba ndi akutsogolo. Dowe muzichita kumukonola ndi chala. Mukatha kudya muziitsuka pulakayo ndi burashi yofewa ndi sopo, pamwamba pa beseni la madzi kuti ikapulumuka isasweke. Pogona muziivula n'kuiika m'kapu ya madzi ozizira, nkhama zipume. Madzi otentha mwawaona kale ntchito yake.

Nthungululu nayo muiyeserere. Pitani ku munda, kumene kulibe benchi yakutsogolo, mukalulute mpaka akhwangwala athawe. Pulaka yokwana bwino imagwira nkhama yokha. Ikamakhwepa kapena kukhula penapake, bwererani nayo kwa amene anaipanga akaikonze, kumeneko si kuvutitsa munthu, ndi mbali ya ntchito yake.

Chenjezo langa ndi ili. Chifukwa cha changu, musakopeke ndi anthu oyenda ndi zikwama m'misika amene amalonjeza mano a tsiku limodzi, ena mpaka kumata ndi guluu. Ndipo chilondacho chikakula, chikalimba, kapena chikamatuluka magazi, musadikire tsiku limene anakuuzani, bwererani msanga ku chipatala. Carla anaika kale mayi mmodzi m'manda. Chimene akufuna pa ukwati wake, ngakhale sanathe kuchinena, ndi mayi wamoyo, wodya, woseka pakamwa posaphimba.

Ndiye akamadzatuluka m'tchalitchi atagwirana ndi Limbani, nsalu ija idzakhale m'chiuno, osati pakamwa. Mudzalulute kawiri, mayi. Koyamba kanu, kachiwiri ka a Efigénia, ndipo kachiwiriko kakamveke kutsidya kwa dambo.

Aphungu