Mudzandifuna Akubwerera Kwawo

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko komwe munatitsogolera? Kuno ku Katete tilipo. Mng'ono wanga Enelesi anachira, kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kamwa yake ndi yanu yeniyeni, akayamba kulira satha msanga. Mtedza wa m'munda mwanu unachita bwino chaka chino, koma chimanga chinapserera ndi dzuwa la mu Febuluwale. Ine ndikusokabe pakhonde paja, makina aja akungolira ngati nkhuku yachitopa koma sanafe.

Nkhani yeniyeni ndi ya galu wanu, Mudzandifuna. Inu simunaone zomwe zinachitika titabwera kumanda. Mabulangete anagawana, mbale anagawana, ngakhale mpini wa khasu unapeza mwini wake. Galu yekha anasowa womufuna. Ankapita kukagona pamtumbira panu, anthu n'kumati ndi malodza. Alongo anu, amalume anga a Zakeyo, ndiwo ananena kuti amangidwe n'kukatayidwa kuchitsime chakale. Ine ndinamukweza pakabaza, ali m'dengu ngati mbuzi yopita kumsika, n'kubwera naye kutauni.

Kuyambira pamenepo maso anga anatseguka. Ndinaona agalu a kuseri kwa msika, nthiti zili pamtunda, ana akuwagenda. Ndinapeza tiana ta galu m'thumba lomanga kukamwa m'mbali mwa msewu wa ku Chipata. Ndinawamangira khola la zidutswa za malata kuseri kwa nyumba, ndipo adokotala a ziweto anawabaya katemera wa chiwewe. Tsopano m'komboni amanditcha Amake Agalu. Azimayi a pampopi amati n'chifukwa chake ndilibe mwamuna. Alekeni anene, sanandigulirepo gaga ngakhale wodzaza chikhatho.

Koma galu si wa m'khola, amafuna khomo lakelake. Ndiye ndakhala ndikuwafunira makomo, ndipo sindipereka chisawawa. Munkati munthu umamudziwira pa mbale ya galu wake, choncho ndimapita kukaona ndekha. Galu wina anapita ku Sinda, kwa banja lina lopemphera lomwe linabwera ndi nkhuku yathadzi monga mwa mwambo, kuti galu akhazikike. Awiri ali ku Vubwi, akupirikitsa anyani m'munda mwa mayi wina wamasiye. Mmodzi ndinachita kukamulanda kwa bambo wina amene anamumanga ndi waya padzuwa. Anandikalipira kuti chopatsa salanda. Ndinamuyankha kuti ndinamupatsa galu, sindinamupatse chitsa.

Onse apita, Amayi, watsala wanu yekha. Wakalamba, kukamwa kwayera, khutu limodzi linagwa. Aliyense akamuona amafunsa ngati palibe wamng'ono. Alandilodi nawo andiuza kuti mwezi ukamatha asamvenso kuuwa pamalo pawo, apo ayi ndinyamule makina anga. Ndakhala ndikusoka mtima uli m'mwamba.

Loweruka lapitali, mukudziwa amene anatsika panjinga pakhomo panga? Alongo anu. Akuba anawabera mbuzi zingapo m'khola, palibe chinauwa. Amalume atakhala pampando anazungulira nkhani ya mvula, ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kenako n'kufika pomwe anabwerera.

"Misozi, galu uja ngwakumudzi. Ndabwera kudzamutenga."

Kuseka kunandifika pakhosi. Ndinakumbukira chaka chomwe Atate anamwalira, amalume atasuntha malire a dimba lanu n'kutenga mbali ya madzi. Inu simunakangane nawo. Munangopempha kagalu kwa anzanu n'kukatcha Mudzandifuna. M'mawa uliwonse munkaima pabwalo, nkhope italoza kunyumba kwawo, n'kuitana mokweza, "Mudzandifunaa!" Mudzi wonse unkadziwa amene akuuzidwa, koma ndani angamuimbe mlandu munthu woitana galu wake?

Ndinati, "Palibe vuto, amalume. Muitaneni ndi dzina lake. Akabwera, mupite naye."

Anaimba mluzu. Galu anangotukula khutu labwino lija. Anati, "Iwe galu, tiye!" Anayesa dzina lina, "Tayiga! Tayiga!" Azimayi a pampopi anali atatula zidebe, akuonerera pampanda. Mudzandifuna anayasamula n'kuika chibwano pamiyendo.

"Dzina limenelo ndi chipongwe," amalume anatero. "Ndikamusintha."

"Amene anamutcha anagona," ndinawayankha. "Mukawapemphe eni ake."

Ananyamuka n'kugwira njinga yawo. Anandikumbutsa kuti iwo ndi eni mbumba, ndipo tsiku lina ndidzawafuna. Amayi, mawu omwewo anatuluka m'kamwa mwawo, kungoti anawatembenuza! Pakanakhala inu mukanagwa pansi ndi phwete.

Atapita ndinalira, sindikubisirani. Khomo lokhalo lomwe linamufuna galu wanu ndinali nditalitseka ndekha. Koma munthu amene sangatchule dzina la galu angamudyetse? Mbuzi zikatha, chitsime chija chikadalipo. Ndinamuyang'ana Mudzandifuna akukanda pachitseko, ndipo ndinakumbukira zomwe munkakonda kunena, kuti galu wamkota sakandira pachabe. Ndakhala ndikuzungulira Sinda ndi Vubwi kumufunira khomo, chonsecho khomo ali nalo kale.

Nyumba yanu ikadali chilili. Amalume anaisandutsa mosungira thonje, koma ndi ya amayi anga, pamalo pa agogo anga aakazi, ndipo mwana wamkazi sapempha chilolezo cholowera kwawo. Ndatumiza uthenga kuti achotse matumba awo. Enelesi akuti adzandithandiza kuzira pansi. Makina ndidzaika pakhonde, chifukwa kumudzi nako mayunifolomu amang'ambika. Kuseri kwa nkhokwe ndidzamanga khola lalikulu, pakuti agalu a kumsika sanathe, ndipo ndidzapitiriza kuwafunira makomo mpaka miyendo itandikana. Dimba lija nalo tidzakambirana.

Gonani bwino, Amayi, ndimakukondani monga kale. Ndikukulonjezani kuti m'mawa woyamba ndidzaima pabwalo pomwe munkaima inu, nkhope italoza komwe munkaloza. Tcherani khutu kumeneko, mudzamva ndikuitana galu wanu.

Ndine mwana wanu,
Misozi