Mchere wa mu Thanki ya Alamu Anu

Lachitatu, 5 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani bwino pamodzi ndi ana, ndi kuti bondo lija lasiya kukuvutani mukaima tsiku lonse ku wodi. Ife kuno tilipo. Mankhwala opaka munatumiza aja ndinalandira, zikomo kwambiri. Mudabwa kuti ndikulemba pamanja chonsecho foni ilipo. Pafoni ndayesa katatu, koma mukangoti "alamu ali bwanji?" ndimapezeka ndikukamba za kutentha ndi za kwaya. Pepala silidula munthu mawu, ndiye mundipirire mpaka ndimalize.

Nkhani yake ndi ya thanki ya nsomba ija munaiona pa chithunzi. Alamu anu atha zaka makumi atatu ndi zinayi akudula magalasi a mawindo a anthu, mpaka dzina lawo linaiwalika, aliyense amangoti a Magalasi. Chaka chatha anakaika zenera kwa dokotala wina wa mano, ndipo m'chipinda chodikirira anapezamo thanki ya madzi a mchere yokhala ndi makorali. Makoraliwo mukawaona mungati ndi maluwa omera pa miyala, koma ndi tizilombo tamoyo ta pansi pa nyanja. Anabwera kunyumba maso ali gwa ngati mwana.

"Mayi, ndaona munda umene Mulungu anadzisungira yekha. Ndiumanga pabalaza pano."

Ine ndinati, "Bambo, pabalaza pakhale nyanja, alendo azifika pa bwato?"

Sanandimve n'komwe. Magalasi anadula okha ku shopu kwawo, ochindikala ngati chala changa, utali wake kuposa sofa. Kabati ya mbale inasamukira m'kholido, mpaka lero timadutsa cham'mbali. Anawotcheretsa miyendo yachitsulo, akuti madzi okhawo amalemera ngati anthu asanu ndi atatu. Anaikamo mchenga woyera, miyala yobowokabowoka, mapampu awiri, ndi nyali pamwamba. Kenako kwa milungu isanu ndi umodzi munalibe chamoyo chilichonse chooneka, akuti madzi ayambe akhwima. Amayi a ku kwaya akabwera ankasuzumira n'kufunsa kuti nsomba zili kuti, iwo n'kumati, "Zikudikira penti iume."

Makorali anabwera mmodzimmodzi, ang'onoang'ono ngati chikhadabo, ndipo aliyense anam'patsa dzina. Obiriwira ena ogwedezeka pamodzi ndi madzi anawatcha a Kwaya, akuti akuvina bwino kuposa ife. Wina wofiirira, amene ankadzipinda munthu akangoyandikira, anali Apongozi. Kenako tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje ndi kankhanu kofiira kamene kankawakwera pa zala akalowetsa dzanja. Ndivomere, Achemwali, ine wotsutsa uja ndinaikonda thankiyo. Pemphero la m'mawa tinayamba kuchitira pamenepo, ndipo nthawi zina ndinkatsegula diso limodzi.

Mukudziwa kuti mu Seputembala anagwa ndi sitiroko. Chimene simukudziwa ndi ichi. Tsiku lachiwiri m'chipatala, pakamwa patapotoka, anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwinolo. Mawu ankatuluka movutika.

"Thanki. Madzi akatsika, muzithira a m'chigubu cha buluu. Cha buluu, mayi. Osati choyera."

M'sitolo mwathu muli zigubu ziwiri zazikulu. Choyera ndi cha madzi osakaniza kale ndi mchere, cha buluu ndi cha madzi osefa okhaokha. Nditafika kunyumba ndinalawa a m'cha buluu, ndinapeza mulibe mchere ngakhale pang'ono. Pomwepo ndinakumbukira zimene tinaphunzira ku Fomu 3, kuti nsomba ya m'nyanja ya mchere ukaiika m'madzi wamba imafa. Ndinakumbukiranso kuti m'mawa womwewo alamu anu anaitana namwino ngati mayi awo amene anamwalira kalekale. Ndinati matenda awasokoneza, atembenuza zigubu. Achemwali, ndinagwada m'sitolomo kuthokoza Mulungu kuti wandipatsa nzeru yozindikira.

Kunkatentha kwambiri, ndipo madzi ankatsika tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse, ndisanapite kuchipatala, ndinkathira ndowa ya m'chigubu choyera. Atatha ndinasakaniza ena, kutsata makapu amene iwo analemba pakhoma ndi pensulo. Sindinaphonye tsiku ndi limodzi lomwe kwa milungu isanu. Mlungu wachitatu a Kwaya anasiya kuvina. Kankhanu ndinakapeza katagona chagada kuseri kwa mwala. Ine n'kumati zikusowa mwini wake. Ndinapukuta galasi, ndinazipempherera, n'kuthiranso ndowa ina.

Tsiku lotuluka m'chipatala anatitenga ndi mwana wathu Injiniya ndi mkazi wake. Alamu anu sanakhale n'komwe pansi. Anatsamira ndodo mpaka pa thanki. Makorali onse anali atayera mbuu ngati mafupa, kupatula Apongozi amene anangodzipinda osatsegukanso. Anatenga kachipangizo kawo koyezera mchere, anadonthezerapo madzi, n'kukaloza ku zenera. Anayeza katatu.

"Mchere wakwera moopsa," anatero. Injiniya atafunsa kuti zatheka bwanji, anam'fotokozera pang'onopang'ono kuti chimene chimauluka ndi kutentha ndi madzi okha, mchere umatsala momwemo, n'chifukwa chake pobwezeretsa umathira opanda mchere. Ine mayi wophika zaka zonsezi! Ndimadziwa bwinobwino kuti msuzi ukaphwera pa moto umathiramo madzi, suwonjezeramo mchere. Ndiye alamu anu anatembenuka.

"Mayi, mumathira a m'chigubu cha buluu?"

Mpongozi wanga anali ataima pakhomo ndi zikwama m'manja, akundiyang'ana. Ndinati, "Eya, bambo."

Mawu awiri okha, Achemwali. Sanandifunsenso, chifukwa pa zaka zonse za ukwati wathu sanandipezepo ndi bodza. Anangoti, "Ndiye ndine. Ndinasakaniza molakwika ndisanagwe. Mutu unayamba kale kuchoka, ine osadziwa."

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa Injiniya anakuimbirani, ndipo inu monga namwino munati munthu amene wayamba kuphonya miyeso asanyamulenso magalasi, angadzivulaze kapena kuvulaza ena. Munanena zoona malinga ndi zimene munauzidwa, sindikukudandaulani. Alamu anu, munthu amene sankalola ngakhale ine kusesa pansi pa tebulo lawo lodulira, anapereka makiyi a shopu osatsutsa. Anangoti, "Wolephera kapu ya mchere angayeze zenera la mwini?" Dokotala anawafunsa mafunso ake oyesa mutu, anakhoza onse, ndipo dzanja likubwerera bwino, dzulo amanga okha mabatani a malaya. Koma iwo akuti dokotala sanaone thanki. Kumapeto kwa mwezi uno kukubwera munthu wodzatenga tebulo lodulira ndi zipangizo zonse, Injiniya wapangana naye kale.

Chimene chikundipha si shopu yokha ayi. Tsopano sakhulupirira chilichonse chimene achita. Akatseka chitseko amandiitana kuti ndidzaone ngati atsekadi. Mapiritsi awo amawayala pa tebulo n'kudikira ine ndivomereze. Akayamba nkhani amaima pakati n'kundifunsa, "Ndanena kale zimenezi?" pomwe sananene. Nthabwala zija zinatha. Ndipo usiku ndi usana amandithokoza. "Pakanapanda inu, mayi, ine ndikanakhala wa ndani?" Akatero ndimathawira ku khitchini kukatsegula mpopi.

Mgonero wadutsa kawiri ine osayandikira. Amayi a ku kwaya ndinawauza kuti m'mimba simuli bwino, limenenso ndi bodza lina, moti tsopano ndikuwaunjika. Ndapempha chikhululukiro kwa Ambuye kambirimbiri, koma ndikanyamuka pamaondo ndimapeza bambo aja ali pampando pomwe paja, akuyang'ana miyala yoyera, ndipo ndimadziwa kuti pemphero langa silinapitirire denga.

Ndadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinanama. Poyamba ndinkati ndi manyazi pamaso pa mpongozi, ndipo analipo ndithu. Koma chenicheni ndi ichi: kuti ndinene za chigubu, ndiyenera kunenanso chifukwa chimene ndinasinthira. Ndiyenera kuwauza kuti woyamba kuweruza kuti mutu wawo wapita sanali dokotala, sanali Injiniya, sanali inu. Ndinali ine. Iwo ndi pakamwa popotoka ananena zolondola, anabwereza kawiri, ine ndi Fomu 3 yanga ndinawakonza mwakachetechete ngati mwana. Za makorali angathe kundikhululukira, amagulidwa ena. Koma izi sindikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawerenga, muimbireni Injiniya kuti aimitse munthu wa tebulo uja, ndipo makiyi abwere nawo kuno. Inu amakumverani kuposa ine, akuti ine ndimaganiza ndi mtima. Musavutike kum'fotokozera zambiri, ndidzamuuza ndekha pamaso pa mkazi wake, poti bodzalo ndinalinenera pamaso pa onse awiri. Ngati pali zina zachipatala zoletsa alamu anu kugwira galasi, zimenezo munene inu ndi dokotala, koma zisachokere pa mchere wanga.

Ndinaima pang'ono kulemba chifukwa analowa kuchokera pakhonde. Afunsa kuti ndikulembera ndani, ndawauza. Akuti, "Alamu anga anamwino? Muwapatse moni. Muwauze kuti ndine wodwala womvera, galasi sindikulikhudza." Pano ali pa thanki, akudyetsa tinsomba tiwiri tija, tokhato timene tinapulumuka. Atapa chakudya pa chikhato, ndipo akundidikira kuti ndikaone ngati sichinachuluke.

Mundiperekere moni kwa bambo a kwanuko ndi kwa ana onse, makamaka wamng'ono amene analemba mayeso, tikumukumbukira m'mapemphero. Moni wa alamu anu ndapereka monga anenera, ngakhale dzanja linakana kulemba. Envelopu iyi sindimata mpaka nditawauza, ndalonjeza zimenezi kwa Mulungu ndipo tsopano ndalonjeza kwa inu. Choncho ngati kalatayi ili m'manja mwanu, dziwani kuti ndanena. Chimene andiyankhe sindikuchidziwa, ndipo simuchipeza muno. Musandipempherere kuti andikhululukire msanga. Mupemphere kuti andikhulupirire kamodzi kenanso, pamene ndikuwauza kuti mutu wawo uli bwino.

Akundiitana. Ndikupita.

Ine mng'ono wanu wokukondani.